Utsi wa ku Zalewa ndi mitambo ya kwa Dambe

Okutobala akafika, munthu woima pa Zalewa n'kuyang'ana kumadzulo sawaona bwino mapiri a Neno. Pakati pa iye ndi mapiriwo pamakhala chifunga chotuwa chimene sichinyowetsa. Ndi utsi wa tchire lotenthedwa posaka mbewa, wa mapesi ndi zinyalala za m'minda yososedwa, wa mauvuni a makala ofuka usana ndi usiku, kuphatikizapo fumbi la m'misewu. Dzuwa limalowa litafiira ngakhale likadali m'mwamba, ndipo palibe amene amadabwa, poti chaka chilichonse zimatero.

Pa misonkhano ya zachilengedwe moto umenewu umadzudzulidwa pa milandu iwiri: umapha mitengo, ndiponso umasiya nthaka pambalambanda kuti madzi aikokolole. Mlandu wachitatu satchula kawirikawiri. Utsi umakwera n'kukalowa m'mitambo, ndipo ukachuluka umasintha kapangidwe ka timadontho tomwe timadzakhala mvula. Kwa boma la Neno, lomwe lili ndi chigwa chotentha kumunsi ndi mapiri a Kirk Range kumtunda, nkhani ya moto iyenera kukambidwa ngati nkhani ya madzi.

Makolo sankalekanitsa utsi ndi mvula. Wansembe wachikatolika Matthew Schoffeleers, yemwe anafufuza kwambiri za chipembedzo cha M'bona, analemba mu 1971 za tanthauzo la kutentha tchire pakati pa Achewa ndi Amang'anja. Anafotokoza kuti kutentha tchire unali mwambo wokhala ndi nthawi yake ndi eni ake, ndipo anthu ankaona utsi wokwera kumwamba ngati chinthu chosanduka mitambo ya mvula. Wina akhoza kuseka, koma akatswiri a zanyengo anadzapeza kuti maganizowo ali ndi pogwira. Popanda tinthu touluka mumpweya, monga utsi, fumbi ndi mchere wa m'nyanja yaikulu, mtambo sungapangike. Pomwe nkhaniyi imakhota ndi pa kuchuluka kwake.

Mumpweya mumakhala nthunzi ya madzi yosaoneka ndi maso. Mphepo ikawomba phiri ilibe kolowera koma kukwera, ndipo mpweya ukamakwera umazizira ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Ukazizira mokwanira sungasungenso nthunzi yonse ija. Apa ndi pomwe pali chodabwitsa: nthunzi siitha kudziunjika yokha n'kukhala dontho. Imafuna pokhala. Mfalansa wina, Paul-Jean Coulier, anaona zimenezi mu 1875, ndipo John Aitken wa ku Scotland anazitsimikiza mu 1880. Aitken anasefa mpweya ndi thonje, nauika m'botolo, n'kulowetsamo nthunzi. M'botolo la mpweya wosefa simunaoneke kanthu, pomwe la mpweya wosasefa linadzaza nkhungu. Kadontho kalikonse ka mumtambo kali ndi kachinthu pakati pake komwe kanayambira. Tinthu timeneti akatswiri amati ma aerosol, ndipo tambiri mwa ito n'tochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Nzeru zambiri za nkhaniyi zinachokera pamwamba pa mapiri, chifukwa kumeneko munthu amalowa mumtambo ndi miyendo yake. Hilding Köhler wa ku Sweden anakhala pa phiri la Haldde kumpoto kwa Norway akutolera madzi oundana ochokera m'mitambo, ndipo anapezamo mchere wa m'nyanja. Masamu omwe anasindikiza mu 1936 ndi amene akugwirabe ntchito lero. Iwo amasonyeza kuti kachinthu kokulirapo komanso kosungunuka m'madzi ndi komwe kamayamba kukoka nthunzi, pomwe tating'ono kwambiri timadikira mpaka mpweya utakwera mwaliwiro. Mpaka pano ku Jungfraujoch, m'mapiri a Switzerland, pamtunda woposa mamita 3,500, kuli zipangizo zowerenga tinthu timeneti chaka chonse.

Kadontho ka mumtambo n'kochepa zedi: tikandanda 50 ndiye tikwana milimita imodzi. Kuti pagwe dontho limodzi la mvula la mamilimita awiri, pamafunika madzi a timadontho pafupifupi 1 miliyoni. M'mitambo yofunda ya kuno kwathu, njira yaikulu yoyambira mvula ndi kugundana. Kadontho kokulirapo kamayamba kutsika mofulumira kuposa tinzake, n'kumatimeza m'njira, mpaka katalemera mokwanira kufika pansi. Kuti izi zitheke pamafunika timadontho tosiyana misinkhu, tina mwa ito tokula ndithu.

Tsono tiyerekeze mitambo iwiri yokhala ndi madzi ofanana. Wina wapangika mumpweya woyera wa pamwamba pa nyanja yaikulu, momwe kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse kamakhala ndi timadontho 100 kapena kucheperapo. Winawo wapangika mu utsi, momwe kabokosi komweko kamatha kukhala ndi timadontho toposa 1,000. Zili ngati mphika umodzi wa ndiwo pa maliro: anthu akachuluka aliyense amangonyambita. Timadontho ta mu utsi timakhala tambiri, tating'ono ndiponso tofanana, choncho timangoyandama limodzi osagundana. Mtambowo umaoneka woyera mbuu, umabweza kuwala kwa dzuwa kwambiri, koma umachedwa kugwetsa mvula. Sean Twomey, katswiri wobadwira ku Ireland, ndi amene anafotokoza bwino za kuwalako m'zaka za m'ma 1970. Asanatero, iye ndi mnzake Jack Warner anali atayeza kale mitambo ya m'dera lolima nzimbe ku Queensland, m'dziko la Australia, ndipo mu 1967 anasonyeza kuti utsi wa nzimbe zotenthedwa pokolola umachulukitsa timadontho m'mitambo. Aliyense amene anadutsapo ku Nchalo kapena ku Dwangwa nthawi yodula nzimbe akuudziwa utsi wa mtundu umenewo.

Mtambo wa paphiri ndi womwe umapwetekeka msanga, chifukwa ulibe nthawi. Mpweya umakwera mbali imodzi, n'kupanga timadontho, kenako umadutsa pansonga n'kuyamba kutsika mbali inayo. Ukamatsika umafunda, ndipo timadontho timasanduka nthunzi kachiwiri. Ntchito yonse ya kugundana iyenera kutha m'mphindi zochepa zimenezo. Utsi ukaichedwetsa, madzi omwe akadagwa paphiri amapitirira. Mwina amakagwa patsogolo, mwina sagwa n'komwe.

Ku Neno mawu akuti patsogolo ali ndi tanthauzo lenileni. Msana wa Kirk Range ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndiponso ndiwo ugawa madzi. Ogwa kum'mawa kwake amatsikira mu Lisungwi ndi Wamkulumadzi n'kukathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira, komwe amapukusa makina a magetsi. Ogwa kumadzulo amapita ku Tete, kukalowa mu Zambezi. M'chilimwe mphepo imawomba kwambiri kuchokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, kutanthauza kuti mpweya womwe umakwera mapiri a kwa Dambe ndi ku Nsambe umayamba wadutsa m'chigwa cha Shire, cha ku Matope, Zalewa ndi Lisungwi, komwe moto ndi mauvuni n'zosasowa. Mlimi wa kachewere ndi tirigu kumtunda ndi wootcha makala wa kwa Symon ndi olumikizana ndi mphepo imodzi, ngakhale sanaonanepo.

Umboni womveka kwambiri woti utsi umachepetsa mvula ya paphiri unachokera ku China. Pansonga pa phiri la Hua, kufupi ndi mzinda wa Xi'an, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, pali malo oyezera zanyengo omwe akhala akulemba mvula, mphepo ndi kutalika kwa pomwe maso akufika kuyambira mu 1954. Mu 2007 Daniel Rosenfeld wa ku Hebrew University ku Jerusalem, pamodzi ndi akatswiri a ku China, anasanthula mabuku onsewo. Anapeza kuti pa masiku a chifunga cha utsi, pomwe munthu sankaona kupitirira makilomita 8, mvula ya paphiripo inkachepa ndi 30 mpaka 50 peresenti. Rosenfeld yemweyo mu 1999 anali atagwiritsa ntchito setilaiti kusonyeza kuti mitambo yolowedwa utsi wa nkhalango zopsa pa chilumba cha Borneo inkaleka kugwetsa mvula, pomwe mitambo yoyandikana nayo ya mumpweya woyera inkagwetsa.

Si akatswiri onse anavomera zonse. Rosenfeld ndi Amir Givati atalemba mu 2004 kuti mapiri a kuseri kwa mizinda ku California ndi ku Israel ataya 15 mpaka 25 peresenti ya mvula yawo, Pinhas Alpert wa ku Tel Aviv University ndi anzake anabwereza kuwerengako mu 2008 n'kunena kuti ziwerengero za ku Israel sizikusonyeza zimenezo. Mkangano wake unali woti n'kovuta kulekanitsa ntchito ya utsi ndi kusintha kwa mphepo kapena kukula kwa mizinda. Pa kuchepa msinkhu kwa timadontho mu utsi palibe wotsutsa, popeza ndege zakuyeza kambirimbiri. Chovuta ndi kuwerenga kuti pansi pafika madzi ochepa bwanji.

Palinso mbali ina imene alimi angaizindikire msanga. Mu 2004 gulu lotsogozedwa ndi Meinrat Andreae linafalitsa zomwe linayeza ndi ndege ku nkhalango ya Amazon nthawi yotentha minda. Mumpweya woyera mvula inkayamba kupangika pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kuchokera pansi pa mtambo. Mu utsi inkayamba pamwamba pa makilomita asanu. Mtambo wamphamvu wotero suthera pomwepo ayi. Umakwera ndi madzi ake onse kufika kozizira kwambiri, madziwo amaundana, ndipo ukamadzagwa umagwa ndi mkuntho, mphezi ndi matalala akuluakulu. Choncho utsi ungathe kupha mitambo ing'onoing'ono ya mawawa n'kukwiyitsa ikuluikulu. Kwa munthu wolima potsetsereka ku Neno, mvula yofatsa yolowa pansi ndi yomwe imadzaza akasupe, pomwe ya mkuntho yogwa pa lupsa imangonyamula dothi kupita nalo ku Shire. Kuwonjezera apo, mwaye wakuda wa mu utsi umayamwa kutentha kwa dzuwa m'mwamba n'kuchititsa mthunzi pansi, zomwe zimafooketsa kukwera kwa mpweya komwe kumabala mitambo ya masana.

Ndipo si kachinthu kalikonse kouluka komwe kamaletsa mvula. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Graeme Mather ankayeza mitambo ndi ndege kufupi ndi Nelspruit ku South Africa, ndipo anadabwa kupeza madontho akuluakulu mumtambo umene unali pamwamba pa fakitale ya mapepala. Utsi wa fakitaleyo unali ndi timichere tokulirapo tokoka madzi, tomwe tinkayambitsa kugundana msanga. Apa ndi pomwe panachokera njira yowaza mchere m'mitambo ndi ndege pofuna mvula. Vuto la utsi wa udzu ndi mitengo ndi loti tinthu take tambiri n'tating'ono kwambiri, ndipo timabwera tochuluka mosaneneka.

Tsono pasakhale woloza chala mnyamata wokumba mbewa kuti ndiye anabweretsa njala. Chilala cha 2015/16 ndi cha 2023/24, chomwe chinachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, chinadza ndi El Niño, yemwe gwero lake lili ku nyanja ya Pacific. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sanafunse za utsi wa munthu. Mvula ya dzinja lenileni, ya Disembala mpaka Malichi, imabwera ndi mphepo zikuluzikulu zochokera ku Congo ndi ku nyanja ya India, ndipo ikangokhazikika imatsuka mumlengalenga. Nthawi imene utsi ndi mitambo zimakumana maso ndi maso ndi ya Okutobala ndi Novembala, nyengo ya chizimalupsa ndi mvula yodzalira. Ndi masabata ochepa, koma ndi omwe mlimi amasankha kudzala kapena kudikira, ndipo mbewu ya masiku ano ndi yogula, yosati n'kubwereza kudzala kawiri.

Wina anganenenso kuti utsi wambiri wa pamwamba pa Neno si wa ku Neno, ndipo sakunama. Africa ndi komwe kumapsa malo aakulu kuposa kwina kulikonse pa dziko, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a malo onse opsa chaka ndi chaka. Kafukufuku wa SAFARI 2000, yemwe mu Ogasiti ndi Seputembala 2000 anagwiritsa ntchito ndege, masetilaiti ndi zipangizo za pansi m'malo ngati Mongu ku Zambia, anasonyeza kuti utsi wa ku Angola, Congo, Zambia ndi Mozambique umasakanikirana n'kuyenda makilomita zikwizikwi mpaka kukatulukira ku nyanja ya India. Mfumu Dambe sangaletse moto wa ku Katanga, m'dziko la Congo. Komabe mpweya umene umadyetsa mtambo wa paphiri umalowera kunsi kwake, kuchokera m'zigwa ndi m'matsitso apafupi, ndipo utsi wa pafupi ndiwo umakhala wokhuthala. Ndi utsi womwewonso umene ana ndi okalamba amapuma. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo ku Neno kuyambira mu 2007, limathandiza odwala mphumu pa zipatala za m'bomali, ndipo kwa odwala otero utsi ndi mdani wodziwika.

Kuletseratu moto ndi maloto. Nkhalango za mombo ndi tsamba zinakula ndi moto kuyambira kalekale, ndipo udzu ukasiyidwa zaka zingapo moto wake umadzakhala woopsa koposa. Chomwe chingasinthe ndi nthawi yotentha. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, a zankhalango anayamba mu 1933 kuyesa zigawo zitatu: china chotenthedwa kumayambiriro kwa chilimwe, china kumapeto, china chosatenthedwa. Colin Trapnell atalemba zotsatira mu 1959, zinaoneka kuti moto wa kumapeto unawononga mitengo ya miombo, pomwe wa kumayambiriro unasiya nkhalango ili chiimire. Moto wa Meyi ndi Juni umayenda pang'onopang'ono, umazima ndi mame a usiku, ndipo umasiya zigamba zomwe zimadula njira ya moto wa Okutobala. Udzu wosauma bwino umafuka kwambiri, inde, koma malo opsa amakhala ochepa, ndipo utsiwo umatuluka miyezi ingapo mvula yodzalira isanayandikire. Kumpoto kwa Australia, ku West Arnhem Land, eni nthaka akhala akulipidwa kuyambira mu 2006 chifukwa chotentha msanga motere, potsatira nzeru za makolo awo.

Ntchito yotere si ya ku Lilongwe. Ndi ya mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon, magulupu ndi nyakwawa zawo, pamodzi ndi khonsolo ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Mudzi ukhoza kugwirizana mwezi wotentha tchire, kulambula njira zotchinga moto, ndi kuika chindapusa kwa woyatsa moto Seputembala atadutsa. Alangizi akhala akulalikira kwa zaka zambiri kuti mapesi asatenthedwe koma aziphimbira nthaka, ndipo apa apezapo chifukwa china chowonjezera. Nkhalango ya boma ya Tsamba iyenera kukhala poyambira. Mitengo yamoyo nayo imatulutsa tinthu take touluka, monga mungu, njere za bowa ndi fungo la masamba lomwe limaundana mumpweya, ndipo kafukufuku wa ku Amazon wasonyeza kuti m'nyengo yopanda moto tinthu totere ndi tomwe timayambitsa mitambo ya kumeneko, tili tochepa mokwanira kuti mvula igwe msanga.

Za makala n'zolimba kuposa apo. Matumba ondanda m'mbali mwa msewu pa Zalewa sapita kukaphikira anthu a ku Neno. Amapita ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, ndiponso m'nyumba za mipanda za anthu omwe masana amakhala pa misonkhano yodzudzula kudula mitengo. M'dziko lomwe mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, lamulo la zankhalango lomwe linakhwimitsidwa mu 2020 lingathe kulanda njinga ndi matumba, koma silingazimitse mbaula za mu Blantyre. N'zowawa kuti magetsi a ku Nkula ndi Tedzani amapangidwa pakhomo penipeni pa Neno, n'kudutsa pamwamba pa midzi yomwe imaotcha makala kuti ipeze ya mchere ndi sopo. Anthu a ku Kam'mwamba anasonyeza m'zaka za m'ma 1990, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, kuti malambe, bwemba, uchi ndi nkhanga zikhoza kubweretsa ndalama mitengo ili chiimire. Koma malonda otere amafuna msika ndi msewu, ndipo nkhani ya msewu wa phula wa ku Neno aliyense akuidziwa kutalika kwake.

Chotsala ndi kuyeza, ndipo apa Neno ali ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Pa mtunda waufupi, dziko limakwera kuchoka m'chigwa cha milambe kufika kozizira kolima tirigu, ndipo mphepo ya chilimwe imatsata njira yomweyo. Kafukufuku wa pa phiri la Hua sanadalire makina odula. Anadalira anthu omwe tsiku ndi tsiku ankalemba mvula, mphepo ndi pomwe maso akufika. Nthambi yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, ikhoza kundanda zoyezera mvula m'sukulu ndi m'zipatala kuyambira pa Zalewa, kudzera ku Lisungwi ndi pa boma, mpaka kwa Dambe. Pamalo alionse pasankhidwe mapiri atatu kapena anayi odziwika kutalika kwake, kuti woyeza azilemba m'mawa uliwonse lomwe likuoneka ndi lomwe labisika. Tizipangizo towerenga utsi mumpweya, toyendera mphamvu ya dzuwa, masiku ano tatsika mtengo kwambiri, ndipo zithunzi za masetilaiti a NASA zosonyeza pomwe pakuyaka moto zimapezeka mwaulere pa intaneti. Ophunzira a zanyengo a ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo akhoza kumasanthula ziwerengerozo chaka ndi chaka, n'kukazifotokoza pa msonkhano wa khonsolo mwezi wa Epulo, mafumu asanagwirizane za mwezi wotentha tchire.